Kalasi ya nsanza ya amayi aja pa Mangochi Boma, mmene ndaionera ine

Anthu angapo akhala akundifunsa za gulu la amayi lija limene limaphunzitsa kusoka ndi kuluka zinthu kuchokera ku zovala zakutha kuno ku Mangochi, ena akuti ndi zongotayitsa nthawi ena akuti kuli ndalama, nde ndati ndilembe zomwe ndaona ndi maso anga poti ndakhala ndikupitako chisiyireni mvula. Mwachidule pitaniko, makamaka ngati ndinu wa geni ya kaunjika ngati ine kapena muli ndi ana ambiri pakhomo amene zovala zimawathera mmaondo mwezi ndi mwezi. Koma musapite ndi maganizo oti mukatulukako mutalemera, komanso pali zinthu zingapo zomwe sizinandisangalatse, ndizinena mosabisa.

Ine ndimapikula belo la makilo 45, nthawi zambiri la ana kapena la mikisi ya azimayi, ndipo aliyense amene anatsegulapo belo akudziwa mmene zimakhalira. Ukadula mawaya aja pamatuluka zabwino zomwe anthu amalimbirana tsiku loyamba, zapakati zimayenda pang'onopang'ono mpaka utsitse mtengo, kenako pamatsala mulu woti ngakhale uitanire mpaka mawu athe palibe amene amawerama kuti atole. Zong'ambika mkhwapa, zothimbirira, zopanda zipi, masaizi akuluakulu oti munthu wa kuno sangavale, kuphatikizapo majuzi a ubweya ndi majekete a chisanu cha ku Ulaya, kuno ku Mangochi kumene mu Okutobala ngakhale sikipa imalemera pathupi.

Kale mulu umenewu sunkandipweteka kwambiri, koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa belo wangokhala ukukwera, mpaka anzathu a ku Lilongwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 kukadandaula zomwezi. Nde masiku ano chovala chilichonse chotsala ndi ndalama yomwe unalipira kale. Ndipo tinene zoona za komwe zotsalazi zimapita. Ena amatentha kuseri kwa nyumba madzulo, ena amaponya kudzala, zina zimathera mu ngalande za mmbali mwa msewu, mvula ikabwera ngalande zatsekeka madzi alowa mmaokala, zinazo zatsetserekera mu Shire. Mukaime pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi mvula itangogwa muone zomwe zimakodwa mu bango, si majumbo okha, muli nsanza, masokosi, zidutswa za maneti. Mtsinje womwewu ndi umene ukulowa mu Malombe momwe abale athu akuphamo kambuzi, nkupitirira ku Liwonde mpaka ku Nkula komwe kumachokera magetsi.

Malo ake ndi pa chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina, kuchokera pa msika waukulu ndi ulendo waufupi wa kabaza, ukhozanso kuyenda wapansi ngati dzuwa silinakwere. Amakumana Lachitatu ndi Loweruka mmawa, Lachisanu analisiya dala poti ambiri mwa amayiwa ndi Asilamu, ndipo kalasi imayenda mu Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, ukangolowa pampanda umalandiridwa ndi ajimwiche uli kuchokera mbali zonse, koma amene Chiyao simumva musaope amabwereza. Si pulojekiti ya magalimoto olembalemba mmbali ayi, ndi amayi amene anayamba ndi banki mkhonde nkusonkherana kugula makina awiri opalasa ndi mapazi, Butterfly imodzi ndi Singer yakalekale. Ophunzitsa alipo awiri, atcheya a gululi amene ndi katswiri woluka, ndi bambo wina wachikulire amene anakhala telala wa pakhonde zaka zambiri, tonse timangoti aphunzitsi. Kulipira kwake ndi kandalama kochepa pa tsiku, kosasiyana kwenikweni ndi kamene walipira kabaza pobwera, ndipo ukafika ndi thumba la nsanza zochapa kale amakuchotserako. Zimenezi zinandikomera chifukwa nsanza ndinali nazo matumba.

Tsiku loyamba sukhudza makina. Amakukhazika pa mkeka ndi mulu wa zovala kuti uphunzire kusankha, ndipo kwa ine phunziro limeneli ndi limene linaposa onse. Aphunzitsi amadula kachidutswa ka nsalu mkati mwa mpendero, nkukapana ndi kawaya, nkuyatsa ndi machesi. Ya thonje imayaka bwinobwino, fungo la pepala lopsa, phulusa lake lotuwa ukalikhudza limangoyoyoka. Ya poliyesita imakhwinyata kuthawa moto, imasungunuka nkudontha, utsi wakuda, ikazizira pamatsala kambulu kolimba koti sungaphwanye ndi chala. Imeneyo ndi pulasitiki basi, imapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi omwe amapangira petulo, nchifukwa chake ukaikwirira siiola, ukadzalima pamalopo patapita zaka khasu limaifukula ili chomwecho. Amayi ambiri pamenepo anangoti kukamwa yasa, chifukwa utsi umenewu ndi womwe umadzaza mmakomo mwathu madzulo ana akusewera pompo. Kenako mumagawa milu, zomwe zingakonzedwe nkuvalidwanso pazokha, majinzi ndi nsalu zolimba pazokha, masikipa pawokha, mataulo ndi za thonje lofewa pazokha, ndipo zipi, mabatani ndi ngowe zonse amachotsa nkusunga mmabotolo. Lamulo la aphunzitsi ndi loti chovala chomwe chingavalidwenso sichidulidwa, ngakhale nsalu yake ikongole bwanji. Ndimagwirizana nawo kwathunthu, akatswiri amati sikipa imodzi ya thonje imatha madzi malita pafupifupi 2,700 kuchokera kumunda mpaka kufika pathupi, amenewo ndi zigubu 135 za malita 20, nde kuidula chifukwa cha kabowo kamodzi ka mkhwapa ndi kuononga.

Kukonza ndi gawo la aphunzitsi aja, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti bambowa ntchito amaidziwa. Kolala ya shati ikatha pakhosi paja ambiri timangoti shati yatha, iwo amamasula ulusi ndi lezala mosamala, nkutembenuza kolala kuti mbali yomwe inali pansi ibwere pamwamba, nkusokanso, shati ija kuoneka yoti munthu apite nayo ku ofesi kapena ku mzikiti. Amaphunzitsa kusintha zipi ya thalauza, kuika chigamba cha mkati pa bondo kapena kumbuyo kwa kabudula wa sukulu nkupondereza ndi mizere yambirimbiri ya ulusi kuti chisamatuke, kudula mikono ya shati yothimbirira kumapeto kuti ikhale ya mikono yaifupi. Madiresi akuluakulu aja amene ankandikanika kugulitsa, limodzi limatulutsa masiketi awiri a ana kapena siketi ndi mpango. Sindikunama, zovala zomwe ndinkaziwerengera kuti zatayika zabwerera pa benchi ndipo zagulidwa, osati pa mtengo wa zoyamba zija ayi, koma ndalama yake ikukwanira tikiti ya msika ndi kabaza wonyamula katundu, zomwe kale zinkadya phindu. Aphunzitsi salankhula zambiri, akaona mzere wakhota amangokupatsa lezala, mayi masulani muyambirenso, ndipo ngakhale udandaule kuti bambo nthawi yatha sasintha. Ena zimawakwiyitsa koma ine ndimaona kuti zili bwino choncho, kasitomala wa pamsika amatembenuza chovala kuyang'ana mkati asanatulutse ndalama.

Atcheya ndi a zopondera, ndipo ichi ndi chinthu choti aliyense angayambe mawa kunyumba popanda makina. Umatenga thumba la saka, lija la chimanga kapena la feteleza lochapa bwino, nkulidula saizi ya pakhomo, nkupinda mmphepete kusoka ndi singano yaikulu kuti lisamasuke. Masikipa akutha umawadula timizere, mulifupi zala ziwiri mulitali chikhatho chimodzi, nsalu ya sikipa ubwino wake siyoyoka ulusi mmbali imangodzipinda yokha. Kenako pali kachitsulo kopangidwa ndi sipoko ya njinga, kopinda kumapeto, kamene umalowetsa pakati pa ulusi wa saka uja, kukoka kansanza, kumanga mfundo imodzi, kudumpha timabowo tiwiri, kulowetsanso, choncho choncho mpaka saka yonse isaonekenso. Zala zimapweteka masiku oyamba ndipo chopondera chimodzi chimadya masikipa ambiri kuposa mmene mungaganizire, koma chikatha chimakhala chochindikala, chimamwa madzi, ndipo mchenga wa kuno umene umalowa mnyumba ndi mapazi a ana umathera pompo. Atcheya amayamba ajambula dizayini pa saka ndi khala, ena amaika chambo, ena mizere ya mbendera yakuda yofiira ndi yobiriwira, mtsikana wina anapanga cha buluu ndi choyera cha timu yake ya mpira ndipo chinagulidwa asanachimalize. Nthawi ya zopondera ndi imene kumakhala macheza, manja akugwira ntchito pakamwa pakuyenda, za mtengo wa chimanga, za ana a mayeso, za amuna amene ali ku Joni. Pali amayi ena amene ndikuona kuti chomwe amabwerera kwenikweni ndi macheza amenewa ndipo sindikuonapo cholakwika, amuna awo anapita ku Johannesburg zaka zapitazo, pakhomo amangokhala okha ndi ana.

Za jinzi ndi zomwe zili ndi msika weniweni. Jinzi imatha pakati pa miyendo ndi mmaondo koma nsalu ina yonse imakhala idakali yolimba, nde amadula miyendo, kutembenuza, kusoka pansi, matumba a kumbuyo aja amawasiya momwemo kuti mwana aziikamo mapensulo, lamba wa mchiuno ndi amene amasanduka chogwirira kapena zingwe za kumsana, mkati nkuikamo lainingi ya chitenje chakutha kapena zidutswa zomwe amakapempha kwa matelala. Apa mudziwiretu kuti singano ya makina ya nambala 14 imathyoka pa jinzi, pamafunika 16 kapena 18, ndipo pamene mipendero yakumana pochindikala paja aphunzitsi amayamba amenyapo ndi hamala pa mwala kuti paphwatalale makina asanadutsepo. Chikwama cha mtundu umenewu mwana wanga wa ku pulayimale wachinyamula teremu yonse, kuchiponya pansi posewera mpira, kuchikhalira, chidakalipo, pomwe zonyezimira za mmashopu zija zimakongola tsiku logula mwezi usanathe zingwe zaduka. Amasokanso zikwama za kumsika, ndipo apa ndimaona kuti tikugona tulo. Boma linaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pepala) mu 2015, khoti la Supreme linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma tinazolowera kuti ngakhale tomato wa mulu umodzi tilandirire mu jumbo. Chikwama cha mwendo wa jinzi chimanyamula ufa, tomato, usipa, chikada umachapa basi.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi dengu lophikira. Majuzi ndi majekete aja amene palibe angawavale kuno ndi amene amagwira ntchito apa. Umatenga dengu lalikulu la nsungwi kapena la mlaza, pansi ndi mmbali umapakira nsanza zodula tizidutswa ndi majuzi aja mothinikiza, kuchindikala kwake kupitirira chikhatho, pakati nkusiya dzenje la saizi ya poto wako, kenako umakuta zonse ndi nsalu nkusokerera ku mlomo wa dengu, pamwamba pamabwera kapilo kozungulira kotsekera. Nsalu yokhudza poto ikhale ya thonje, atcheya amabwereza zimenezi kambirimbiri, chifukwa poliyesita ikhoza kusungunuka ndi poto wochoka pa mbaula, komanso uyang'ane kunsi kwa poto kuti sikunamatire khala la moto. Nyemba zoviika usiku umaziwiritsa pa mbaula mwina theka la ola, nkuphula poto ali chiwirire osavundukula, kulowetsa mu dengu, kutseka, iwe nkupita kumsika. Pobwera masana nyemba zapsa zikadali zotentha, kwangotsala kukazingira tomato. Mpunga ndiye sutenga nthawi nkomwe, ukangowira pang'ono umamalizikira momwemo ndipo supserera. Amene mukugula makala masiku ano mukudziwa chomwe ndikunena, thumba limatha msanga kwambiri ndi nyemba, ndipo makala amenewa akuchokera mmapiri athu omwewa amene tikuwaona akuyera chaka ndi chaka. Anzanga achisilamu anandiuza kuti mwezi wa Ramadhan dengu limeneli linawapepukitsira ntchito, chakudya cha mbandakucha amaphikiratu usiku nkuchipeza chofunda osakolezanso moto. Kungoti ngati mwapeza chitazizira muwiritsenso, musadyetse ana chomwecho ndi kutentha kwa kunoku.

Pali tsiku lina la amayi ndi atsikana okhaokha, aphunzitsi aamuna aja sabwera, limene amasoka mapadi ochapa. Pamwamba nsalu ya thonje yofewa, pakati zidutswa za taulo, pansi nsalu ya ambulera yakutha kapena ya jekete la mvula kuti zisadutse, ndi timapiko tiwiri tokhala ndi batani. Nsalu zonse amayamba aziwiritsa, ndipo amalimbikira kuti ukachapa uyanike padzuwa osati kubisa kuchipinda kuti ziume mosakwanira. Sindilembapo zambiri, amene muli ndi ana aakazi mukudziwa mtengo wa paketi ya mapadi mwezi ndi mwezi, ndi masiku amene mtsikana amajomba ku sukulu chifukwa cha zimenezi.

Tsopano zomwe sizili bwino. Makina awiri pa anthu amene nthawi zina timadzaza chisakasa chonse ndi ochepa kwambiri, Loweruka ukhoza kukhala mmawa wonse nkupalasa mphindi zochepa chabe, ndipo palibe ndondomeko yoti uyu akachoka abwere uyu, amene ali ndi pakamwa ndi amene amakhalitsa, amanyazi amabwerera osasoka. Kungolemba mayina pa pepala potengera nthawi yofika kukhoza kuthetsa zimenezi, ndinawauza atcheya anavomera koma mpaka pano sizinachitike. Singer ija imadumpha ulusi, lamba wake ndi wolumikiza ndi waya, ikafuna imangopota ulusi ku bobini mpaka umasule zonse. Sizasi yakuthwa ilipo imodzi, aphunzitsi amayenda nayo mthumba, zinazo zimangotafuna nsalu. Nthawi nayonso ndi vuto, amati 8 koloko koma zimayamba mochedwa, nde dzuwa likafika pamutu pansi pa malata aja sipakhalika, thukuta kudonthera pa nsalu, madzi akumwa uzibweretsa wekha. Chinanso ndi fumbi, podula majuzi ndi mabulangete pamauluka tiubweya tambiri, mayi wina wa mphumu anasiya kubwera chifukwa cha zimenezi ndipo zinandimvetsa chisoni poti anali wa luso. Pakufunika zotchinga kukamwa zomwe akhoza kusoka okha ndi nsalu zomwezo, komanso lamulo loti nsanza zosachapa zisalowe lizigwira aliyense osaona nkhope.

Dandaulo langa lalikulu koma ndi la kaganizidwe ka msika. Muli mtima wina mgululi woti zinthu zabwino ndi za azungu, nde nthawi yambiri ndi zidutswa zokongola kwambiri za zitenje zimapita ku tizidole, ndolo zokuta ndi nsalu, tinjovu ndi tinsomba toti tikagulitsidwe ku Cape Maclear ndi mmaloji a mmbali mwa nyanja. Ndikumvetsa, Cape Maclear ili mu Lake Malawi National Park yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, alendo amabwera ndithu, ndipo mlendo mmodzi akhoza kulipira kachidole ndalama ya zopondera ziwiri. Koma alendo ali ndi nyengo yawo, ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, kuli kale anyamata ndi amayi ambiri ogulitsa zomwezo, kutumiza katundu kudzera ku Monkey Bay kumadya thiransipoti, ndipo chaka cha 2024 pamene nyanja inakwera nkumiza magombe ndi maloji ena amayiwa akuti katundu anangokhala. Ndaiona ndekha katoni yodzaza tinjovu itachita fumbi pakona, pamene zikwama za sukulu anthu akuchita kulembetseratu sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala ndipo sizikukwanira. Kasitomala wathu ali pompano, ndi mayi wa ku Mpondasi wofuna chopondera, ndi msodzi wofuna chikwama cholimba choikamo foni ndi tochi, ndi wa kabaza wofuna khushoni ya pa kaliyala, imene nayonso amaipakira nsanza zomwezi ndipo imagulidwa tsiku lomwelo. Kachidole kamatha kansalu kodzaza dzanja, dengu lophikira limodzi limameza majuzi thumba lonse, nde ngati cholinga ndi kuchepetsa zotaya nthawi yambiri ipite ku madengu, zikwama ndi zopondera. Akhwimitsenso pa kamalizidwe, zikwama zina za ophunzira atsopano zikumapita kumsika ulusi uli lendelende, zimenezo zimaipitsa mbiri ya onse.

Ndisakunamizeni kuti amayi awa athetsa vuto la nsanza mu Mangochi ngakhale atasoka usana ndi usiku. Kalasi ikatha pamatsalabe mulu wa tizidutswa, makamaka tansalu toterera tonyezimira tija ndi zamkati zotha lasitiki, zina amapakira mmapilo ndi mmakhushoni koma zina zimapitabe kudzala. Vuto likuchokera kutali. Lipoti la 2017 la bungwe la ku Britain lotchedwa Ellen MacArthur Foundation linati padziko lonse sekondi iliyonse zovala zodzaza lole ya zinyalala zimatayidwa kapena kutenthedwa, ndipo zomwe zimapangidwanso kukhala zovala zatsopano sizikwana ndi 1 peresenti yomwe. Makampani a kunja akusoka zovala zambirimbiri zotchipa zoti munthu avale kangapo nkutaya, ndipo ife amene timatsegula mabelo tikukuona kusinthaku ndi manja, kaunjika wa kale anali wa nsalu yolemera, wa masiku ano wambiri ndi wopyapyala woti ukachapa kawiri khosi latamuka. Ku Accra ku Ghana, kumene kuli msika waukulu wa kaunjika wa Kantamanto, zotsala zafika podzaza magombe a nyanja, nsanza zopotanapotana zokwiririka mu mchenga, ine ndikaona zithunzi zimenezo ndimaganiza za gombe la ku Makawa ndi Nkope. Ena amati tingoletsa kaunjika. Maiko a East African Community, bungwe la maiko a kummawa kwa Africa, anagwirizana zimenezo mu 2016, enawo anabwerera mmbuyo America itaopseza, Rwanda inalimba ndipo mu 2018 inalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lopereka mwayi umenewu kwa maiko a mu Africa. Ine sindingavomereze zoletsa, osati chifukwa choti ndimadyera momwemo kokha, koma mwana wa msodzi avala chiyani, poti thonje lathu la ku Balaka, Salima ndi ku Chigwa cha Shire lambiri limatuluka kunja, ndipo fakitale ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre payokha singaveke dziko lonse. Chomwe ndikufuna ndi choti oitanitsa mabelo aziyankhapo pa zinyalala zomwe zikubwera zoyezedwa pa kilo limodzi ndi zovala zabwino, komanso pamsika papezeke malo ouma pomwe ife mavenda tingamasiye zotsala kuti magulu ngati ili azikatenga zisananyowe ndi mvula, chifukwa nsanza ikachita nguwi palibenso chomwe ungapange nayo.

Amene mukufuna kupita tengani zovala zanu zakutha zochapa ndi kuuma bwino, sizasi yanu ngati muli nayo, singano za pamanja, ulusi wakuda ndi woyera, lezala, botolo la madzi ndi thumba la saka limodzi. Musathamangire zikwama, yambani ndi kukonza ndi chopondera, makina mudzawapeza manja atazolowera. Anyamata nanunso musachite manyazi, pano mulipo ochepa kwambiri pomwe matelala ambiri a pakhonde mtauni muno ndi abambo, ndipo aphunzitsi akufuna achinyamata oti awasiyire ntchito yokonza makina. Anzanga a kaunjika zotsala zanu musatenthe, zisungeni pouma, amayiwa amatuma mnyamata wa njinga kudzatenga thumba likadzaza, ndipo mukapereka majinzi ambiri amakusokerani chikwama chimodzi chaulere. Mwezi uno akuyamba zochepetsa ndi kukulitsa mayunifolomu a sukulu, amene mukufuna mpata pa makina fikani 8 isanakwane.